Kalavani Yodontha ya Newton

Chinamwali, Zomba
6 Januwale 2024

Okondedwa Newton mwana wanga ndi amake Peace,

Moni wa chaka chatsopano. Kuno tili bwino, kaya inu kumeneko. Mvula yakhazikika, chimanga cha kuseri kwa nyumba chafika m'mawondo. Monga mwa masiku onse, kalatayi ndalemba pamanja, mdzukulu wanga Mwandida aijambule n'kukutumizirani pa foni yake. Makutu angawa akunka nagontha. Pa foni ndimangomva ngati njuchi m'botolo, choncho musatope nane, muzindilembera.

Newton, mng'ono wako Akuzike wa ku Sheffield sanandilembere chiyambireni Novembala. Khirisimasi yadutsa ali zii. Mwandida akuti foni yake sikupezeka. Kodi nkhani ya mapepala ake okhalira kumeneko ili pati? Ukaonane naye, undiuze.

Peace anandilembera kuti munagula kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto, akuti kalavani. Ndiye mumagonamo? Ndijambulireni ndione.

Mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi atsala pang'ono. Mukapeza kangachepe mundikumbukire.

Ndine mayi wanu,
Nankhoma

Bolton
14 Januwale 2024

Amayi,

Landirani moni m'dzina la Ambuye. Ife tadzuka, Peace akupita kusukulu ngakhale kukuzizira koopsa. Za mankhwala ndatumiza kale kwa Mwandida. Kalata ino ndi ya inu nokha, bambo a Peace sakudziwa kuti ndalemba. Mwandida, ngati ukuwerenga, usunge pakamwa.

Mwafunsa za kalavani. Tinagula chaka chatha kwa bambo wina wokalamba kuti nyengo yotentha tizikaonako malo ndi mwana. Timaisunga pa famu ina kunja kwa tawuni, chifukwa nyumba za kuno n'zogundanagundana, bwalo kulibe. Mu Novembala tinapeza kuti ikudontha. Madzi ankalowera pa kazenera ka padenga, khoma la kumbuyo linafewa ngati buledi woviikidwa m'tiyi, ndipo m'makona munachita chuku chakuda bii. Tinagwirizana kuti tiifunditse lona, tidzaikonze dzuwa likadzabwerera. Aliyense kuno amadziwa kuti m'chisanu sungaumitse kanthu.

Koma chiyambireni Disembala mwana wanu sakhalanso pakhomo. Akaweruka kunyumba yosamalira okalamba komwe amagwira ntchito, ulendo wa kukalavani. Loweruka kukalavani. Lamulungu tikangotuluka m'tchalitchi, kukalavani. Poyamba ndinkati ndi khama chabe. Kenako ndinayamba kusowa zinthu m'nyumba: gombeza la alendo, ketulo yakale, hita ya gasi yotenthetsera m'nyumba imene tinkasunga pansi pa masitepe. Ndikaphika ndiwo zoti zifike Lachitatu, Lolemba poto ali mbee. Ndinamufunsa Peace, iye n'kuyankha m'Chingerezi chake chija kuti adadi amatenga mbale ziwiri ndi masupuni awiri.

Nditawauza kuti Loweruka ndipite nawo ndikathandize kupala chuku, anadumpha ngati aponda khala la moto. "Ayi, amake Peace, chuku chija n'choipa pachifuwa, inu mumagwira odwala kuchipatala." Makiyi a kalavani amene ankakhala pa msomali wa m'khitchini tsopano amagona m'thumba la jekete lawo.

Amayi, ine si mwana. Mwamuna akatenga gombeza ndi mbale ziwiri, ndiye kuti kuli wina amene akufunda ndi kudya. Sindinafune kuthamangira kwa ankhoswe athu, a Thompson, ndisanauze inu.

Za alamu a Akuzike sindikudziwa kanthu. Ndikafunsa amangoti ali bwino, atanganidwa.

Ndine mpongozi wanu,
Gertrude

Chinamwali, Zomba
17 Januwale 2024

Newton,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli m'malo.

Mkazi wako wandilembera, ndipo usamukalipire, wachita bwino. Ndili ndi mafunso awiri. Uyankhe monga ndinkawauzira ana a sukulu ndisanapume ntchito: funso lililonse ndi yankho lake, osazungulira.

Loyamba, m'kalavani mwakomo mukukhala ndani?

Lachiwiri, Akuzike ali kuti? Kalata yanga ija sunayankhe.

Usaiwale kuti kumeneko unapita pa msana pa Gertrude, pa mapepala ake a unesi. Anakupeza ukugulitsa mayunitsi pa depoti ya Zomba, sanakunyoze. Ngati wayamba kusunga mkazi m'kanyumba ka matayala ngati nkhuku yobisa kwa akabawi, undiuze ndekha ndisanamve kwa anthu. Sabata ikatha usanayankhe, ndikwera minibasi ndikaonane ndi a Thompson.

Mayi ako

Bolton
21 Januwale 2024

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndili bwino, kaya inu ndi Mwandida. Kalata yanu yandipweteka, koma ndaimva.

Ndikulumbira pamaso pa Mulungu: kulibe mkazi. Sindinayambe ndayang'anapo wina kupatula amake Peace.

Vuto ndi loti anthu sadziwa mmene madzi amawonongera kalavani. Ali ngati chiswe. Poonekera pamakhala pang'ono, koma m'kati atadya kale. Nditapita mu Disembala ndinapeza lona lija litang'ambika ndi mphepo. Phula lomatira kazenera ka padenga linauma n'kung'aluka, ndiye mvula iliyonse madzi ankatsika m'kati mwa khoma mpaka pansi. Kudikira mpaka Meyi kukanakhala kutaya kalavani yonse.

Tinagumula pulayiwudi wa khoma la kumbuyo. Thonje la m'kati, lija limasunga kutentha, linali lonyowa loti ungafinye. Matabwa ena ogwira khoma unkangolowetsamo chala. Tinadula owola onse n'kulumikiza atsopano. Pafupi ndi chitseko pansi panafewa moti mwendo unalowa, panopa tangoikapo thabwa. Kazenera ndinakamasula, ndinapala phula lakale n'kumata latsopano, koma m'chisanu muno silikugwira bwino, pakona imodzi pakudonthabe.

Hita ija ndi youmitsira matabwa. Sungatseke khoma m'kati muli monyowa, chuku chimabwereranso. Ndinabwereka kamakina koyezera chinyontho kwa mnzanga wa kutchalitchi, ndipo kakuonetsabe kuti sitinafike. Gombeza ndimagwadira, pansi pamazizira ngati mwala. Chakudya ndimadya kawiri chifukwa ntchito yake ndi yolemetsa.

Funso lanu lachiwiri. Akuzike ali moyo, ndimalankhula naye. Foni yake inavuta. Za mapepala sizinayende monga tinkayembekezera, koma mwiniwake adzakulemberani.

Amayi, pali zinthu zina zimene munthu umalonjeza mnzako, ndipo sungazimasule wekha. Kwa a Thompson musapiteko. Ndipatseni mpata mpaka Malichi, kukayamba kufunda. Muwauze amake Peace andikhulupirire.

Mwana wanu,
Newton

Bolton
28 Januwale 2024

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira mukupeza bwino. Ine thupi lili bwino, koma tulo ndilibe.

Mwandida wanditumizira kalata ya mwana wanu monga munamuuzira. Inu munali mphunzitsi, werenganinso bwino. "Tinagumula." "Tinadula." "Tangoikapo thabwa." Iwo ndi ndani? Kwa ine amati amagwira okha.

Dzulo ndinkakonza m'galimoto. Pansi pa mpando wa kutsogolo ndinapeza inhela yotha, kampope kaja anthu a mphumu amapopera m'kamwa. M'nyumba muno mulibe wa mphumu. Kapepala ka dzina la mwini wake kanachita kupalidwa ndi mpeni kuti ndisawerenge. Nditawaonetsa, nkhope inagwa. Anati ndi ya munthu wa kuntchito amene anamupatsa lifiti. Ndinati, "Ndiye munapala dzina bwanji?" Anatenga jekete n'kutuluka.

Ndiye mkaziyo ndi wa mphumu, ndipo mwamuna wanga amamufunira mankhwala. Ine ndikadwala mutu amandiuza kuti ndine nesi, ndidzithandize.

Malichi sindidikira. Ndalankhula ndi mnzanga Shirley wa ku Salford, amene tinaphunzira limodzi unesi. Ali ndi chipinda. Loweruka likubwerali ndinyamuka ndi Peace. Pitani kwa a Thompson, muwauze kuti sindinathawe, ndangochoka pamene sindikufunidwa. Inu simunandilakwire, mudzakhalabe agogo ake a Peace.

Gertrude

Chinamwali, Zomba
29 Januwale 2024

Amake Peace, mwana wanga,

Moni wake ndi womwewu, ndilibe nthawi. Mundikhululukire zilembo.

Musapite ku Salford. Pitani kufamuko lero lomwe. M'kalavanimo mulibe mkazi. Muli Akuzike.

Wa mphumu m'banja mwathu ndi iyeyo. Mwina simukudziwa chifukwa atakula inkamugwira patalipatali, ndipo sakonda kuti anthu adziwe. Inamuyamba ali wamng'ono, tikukhala m'nyumba ya aphunzitsi ina yodontha ku Songani. Chinyontho ndi chuku ndiye adani ake. Kawiri konse ndinathamanga naye kuchipatala milomo itachita imvi, ndikuganiza kuti ndikafika ndi maliro.

Newton walemba kuti mapepala sanayende. Ndiye kuti aboma anamuchotsa m'nyumba imene ankamusunga ku Sheffield. Akanapita kuti? Ndipo chimene akubisirani ndikuchidziwa. Chaka chatha Akuzike anandilembera kuti pa phwando la kubadwa kwa Peace munanena pagulu kuti munthu wopanda mapepala sangagone m'nyumba mwanu, chifukwa mukudikira mapepala anu okhazikika ndipo simufuna kutaya ntchito. Sindikukuimbani mlandu. Koma mwana uja ndi wamanyazi, angalole kufera m'tchire kusiyana n'kulemetsa munthu. Ndikudziwa kuti wamulumbiritsa mkulu wake.

Inu ndinu nesi. Munthu wa mphumu akugona m'chinthu chonyowa, chachuku, m'chisanu cha kumeneko, inhela itatha. Ndikukugwadirani, pitani. Newton mudzamukalipire pambuyo, ndidzakuthandizani.

Mayi wanu,
Nankhoma

Anti, ndine Mwandida. Pepani kwambiri. Tsiku limene agogo analemba kalatayi foni yanga inanyowa ndi mvula ndikuchokera kumsika, inazima. Manambala anu onse anali momwemo, pamtima sitikuwadziwa. Agogo sakudya, akungokhala pakhonde. Okonza andipatsa lero pa 5 Febuluwale, ndatumiza pompano. Chonde yankhani.

Bolton
6 Febuluwale 2024

Amayi,

Moni. Idyani, alamu ali moyo. Ali m'chipatala, akupuma ndi mpweya wa m'makina, koma adokotala akuti choopsa chadutsa. Kalata yanu yafika dzulo, zonse zitachitika kale.

Loweruka lija zikwama ndinali nditalongedza. Peace ndinali nditamusiya kale kwa Shirley. Tsikulo bambo a Peace ankapita kuntchito m'mawa, ndiye ali kubafa ndinatulutsa makiyi m'jekete lawo. Ndinati ndisachoke ndisanamuone nkhope mkazi amene wandipasulira banja. Atangotuluka ndinaitana takisi.

Kunkagwa mvula ya mawawa, pa famupo matope okhaokha. Kalavani yathu inali kumapeto, mazenera atatsekedwa ndi makatoni. Ndinamenya chitseko. "Tuluka ndikuone!" Zii. Ndinamenyanso. Kenako ndinamva kaphokoso kamene ndimakadziwa bwino kuwodi, kulira kwa chifuwa chimene chatsekeka, ngati wina akuimba mluzu ndi udzu.

Nditatsegula, fungo la chuku ndi gasi linandimenya kumaso. Khoma la kumbuyo theka linali ndi pulayiwudi watsopano, theka lili pululu, matabwa akuoneka. Pansi pa kazenera panali ndowa yodzaza madzi. Hita ikuyaka, paliponse potseka. Ndipo pansi, pa gombeza langa lija, panali alamu a Akuzike. Anakhala chowerama, manja atagwira mpando, mapewa akukwera ndi kutsika. Pambali pawo panali chopalira. Anali akupala chuku pansi pa mpando opanda chophimba kumphuno. Anawonda moti ndinawazindikira ndi maso okha. Milomo inali itayamba kuchita imvi.

Atandiona anayesa kuimirira. "Alamu... pepani... ndichoka."

"Khalani pansi," ndinatero. Ndinazimitsa hita, ndinang'amba makatoni, ndinatsegula paliponse. Ndinafunsa inhela, analoza ina imene inali pa shelefu. Yotha nayonso. Nditatulutsa foni anandigwira mkono.

"Musaitane... andigwira... andibweza."

"Akugwireni muli moyo. Musalankhulenso, sungani mpweya."

Ambulansi inasochera pa mageti a famuyo. Ndinkathamangira kumsewu kukaikodola, n'kubwereranso kukawaona, uku ndikuwawerengera mpweya. Pa ntchito yanga ndaonapo zambiri, Amayi, koma sindinayambe ndachitapo mantha otero. Adokotala akuti pamwamba pa mphumu panalinso chibayo. Ndikanangokwera basi ya ku Salford osapatukira kufamu, bambo a Peace akanakapeza mtembo madzulo.

Bambo a Peace anafika kuchipatala ali ndi yunifolomu ya kuntchito, akulira ngati mwana. Anati ankathamangira kutseka khomalo kuti mng'ono wawo apeze pouma, ndipo inhela ankapempha kwa anthu. Ndinawafunsa funso limodzi: "Munandiuza kuti chuku n'choipa pachifuwa changa. Nanga pachifuwa cha mng'ono wanu?"

Mawu a pa phwando aja ndinanenadi, ndipo mantha amene ndinanenerawo ndikadali nawo. Koma akanandifunsa. Analola kuti ndiwaone ngati achiwerewere, analola kuti ndilongedze zikwama, kusiyana n'kundiyesa munthu woti angamve chisoni. Chimenecho ndiye chikundiwawa kuposa mkazi amene kulibe.

Ku Salford sindinasamukire, Peace ndakamutenga. Zikwama sindinamasule. Kwa a Thompson dikirani kaye.

Mpongozi wanu,
Gertrude

Bolton
17 Febuluwale 2024

Okondedwa Amayi,

Moni wochokera kwa mwana wanu wotayika uja. Ndatuluka m'chipatala, ndikupuma bwino, ndayambanso kudya. Kaya inu, kaya Mwandida.

Pempho langa lokhala kuno aboma analikana mu Novembala, n'kundiuza kuti ndichoke m'nyumba ija ya ku Sheffield. Ndinagona kwa anzanga uku ndi uku mpaka onse anatopa. Ndinasowa poyambira kukulemberani. Achimwene atabwera kudzanditenga ankafuna kupita nane kunyumba kwawo, ine ndi amene ndinakana. Kalavani ndinasankha ndekha. Ndinkati ndikathandiza kuikonza ndiye kuti sindikudya zaulere. Masana ndinkagumula ndi kupala, achimwene akabwera tinkakhoma limodzi. Chifuwa chitayamba ndinkawauza kuti ndi chimfine.

Pali chinthu chimodzi chimene alamu sanakuuzeni, ndipo sangakuuzeni. Ambulansi inandipititsa ku chipatala chomwecho chimene iwo amagwirako ntchito. Nditayamba kupezako mpweya, mayi wina wolemba mayina anabwera pa bedi langa ndi kompyuta yake. Anafunsa dzina, ndinanena. Anafunsa tsiku lobadwa, ndinanena. Kenako anati, "Mumakhala kuti?"

Amayi, ndinangoyang'ana pansi. Ndikanati chiyani? Pa famu, m'kalavani yopanda khoma? Pamenepo panali anesi awiri, anzawo a alamu, akumva zonse. Ndinaona alamu atagwira chitsulo cha bedi. Kenako anatchula nambala ya nyumba yawo ndi dzina la msewu, mokweza, osameza mawu. Mayi uja anafunsa kuti ndine ndani wawo. Anati, "Mng'ono wa mwamuna wanga. Amakhala kwathu."

Ndiye ndili kwawo. Ndimagona pa sofa pabalaza. Achimwene amagona pansi pambali panga, chifukwa kuchipinda sanaloledwe kubwerera. Alamu akafuna kuwauza kanthu amatuma Peace. Koma dzulo ndinaona chikwama chimodzi chitabwerera pamwamba pa wodulobu, chopanda kanthu. Musawakalipirenso achimwene, akulandira kale zokwanira.

Kalavani alamu alamula kuti ifunditsidwe lona latsopano, asaigwirenso munthu mpaka Meyi. Ine andiletsa ngakhale kuyandikira pa geti la famuyo.

Za mapepala sindikunamizani, sizinathe. Abusa a kuno atipezera mayi wina wodziwa malamulo, akuti ayesa kukapemphanso. Sakulonjeza kanthu. Nthawi iliyonse wina akagogoda pachitseko mtima umandidumpha, ndipo ndimaona kuti alamu nawonso amaima chilili ndi supuni m'manja. Koma amapita okha kukatsegula.

Mukamandiyankha, pamwamba pa kalata musalembenso Sheffield. Mulembe Bolton, kwa amake Peace.

Mwana wanu,
Akuzike